Mutu 5: Njinga ya Kudenga

1. Lamulo la Che Maulidi

Pamene Che Maulidi ankabwerera ku migodi ya ku Joni, sanasiye malamulo ambiri. Za munda sananene, za mbuzi sananene. Anangotenga chingwe cha khonje, n'kupachika njinga yawo kudenga, miyendo m'mwamba ngati mbuzi yoti isendedwe.

"Iyi isatsike," anatero akuloza ndi chala. "Nyumba ikamapsa, tulutsani ana, kenaka njingayi muitulutse chonyamula. Tayala lake lisagunde dothi mpaka ine nditabwera."

Kumidzi ya m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa Domasi Mission, zimenezi sizinali zachilendo. Mwamuna akapita ku Joni, njinga inkagona kudenga. Ikapezeka pansi anthu ankayamba kunong'onezana kuti mkazi wobwereketsa njinga ya mwamuna wake watsala n'chiyani chosabwereketsa. Mabanja ena anathera pomwepo.

Koma lamulo silidyedwa. Makalata a ku Joni atayamba kuchedwa, mpunga uli m'nyumba koma wopanda miyendo yopitira kumsika, a Kuluthumu, akazi a Che Maulidi, anayang'ana kudenga, kenaka n'kuyang'ana mwana wawo woyamba, Makaiko. Makaiko anakoka mtondo n'kukwerapo.

Kuyambira tsiku limenelo njinga ija inadziwa ntchito. Mpunga wopita ku Songani, nkhuni za kuphiri, chimanga cha kuchigayo, zonse zinkayenda pa kaliyala yake. Mudzi wonse unkaona. Koma Che Maulidi anali mkamwini, ndipo mudzi wonsewo unali abale a mkazi.

Makaiko naye sanali wogona. Matayala a bambo ake anawavula tsiku loyamba lomwelo n'kuwabisa, iye n'kumayendera akale ochita kupempha. Chishalo anachikulunga ndi chiguduli. Uthenga utafika, chaka chija kwacha inalowa m'malo mwa paundi, wakuti Che Maulidi ali m'njira, anabwezera zonse m'malo mwake, njinga n'kubwerera kudenga. Anaiwazanso mwaye wa kukhitchini kuti ioneke yogonera. Akangaude okha ndi amene anakana kuuzidwa zochita.

Chinthu chimodzi chokha anaiwala. Tcheni chinali kuseri kwa chivindikiro cha lata, ndipo chimene diso silikuona mtima suwerengera.

2. Ukoke, usakwere

Che Maulidi anafika ndi sutikesi ya chitsulo, wailesi, ndi mawu okweza a munthu wozolowera phokoso la mgodi. Achibale anabwera kudzalonjera. Panalibe amene anatchula za njinga. Ndani angathamangire kukauza nkhani yoipa munthu amene akugawa sopo ndi shuga?

Munthu mmodzi yekha ndiye sanawasangalalire. Lukiya, mlongo wake wa Makaiko, anali wa kubere pamene bambo ake ankachoka. Tsopano anali kamtsikana kothamanga kokha, ndipo akawaona ankabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Zimenezi zinkawapweteka Che Maulidi kuposa mmene ankaonetsera.

Lachinayi m'mawa anatsitsa njinga okha, n'kuipukuta mwaye uja ndi mpango.

"Mawa ndikaswali kumzikiti wa ku Songani," anatero. "Anthu akaone kuti ndabwera ndi miyendo yonse iwiri. Ndipo uyu wondithawayu ndimutenga pa kaliyala. Akaone azakhali ake, ndikamugulirenso nsapato. Ukuti bwanji, mama? Nsapato zofiira?"

Lukiya anatulutsa diso limodzi kuseri kwa chitenje. Nsapato zofiira si nkhani yoithawa.

"Iwe Makaiko, pita nayo kwa a Enock akaipope ndi kuthira oilo. Ukoke, usakwere. Sunaphunzire iwe, ungandigwetsere m'dzenje."

"Chabwino, baba," anatero Makaiko, mnyamata amene ankatha kuyendetsa njinga yomweyo manja ali m'thumba, thumba la mpunga lili kumbuyo.

Kuchoka kumudziko kupita kumsewu waukulu pali mtsetse wautali umene anthu amautcha Gwirachipewa. Umayamba mwaulemu, kenaka umapenga. Kumunsi kwake njira imakhota mwadzidzidzi n'kulowa pa mlatho wa mitengo, ndipo pansi pa mlathowo pali miyala ikuluikulu imene amayi amachapirapo. Miyezi yapitayi Makaiko anali atasiya kutsika pamenepo ali pachishalo. Njinga inkalira ngati chimanga chokazinga, tcheni chinkagwa chokha, ndipo buleki inkayamba yaganiza kaye isanagwire. Iye ankangoti ndi khalidwe lake.

3. Pansi pa mango a Enock

A Enock ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi msika wa Songani. Anali nkhalamba yachilomwe, ya mano owerengeka koma makutu akuthwa. Makaiko nthawi yonseyi ankawazemba, podziwa kuti ndi mnzawo wa bambo ake.

"Odi, agogo."

"Lowa, chitseko n'chosatseka," anatero a Enock. "Ee, mwana wa Che Maulidi! Iyi ndi njinga ija amati ili kudenga? Nanga ija imadutsa kuseri kwa msika itasenza matumba ndi mapasa ake?"

Makaiko anaseka kuseka kwa munthu woponda minga. "Akuti mupope ndi kuthira oilo basi."

A Enock anapopa. Kenaka anaigadamitsa njinga ija, n'kupukusa pedulo ndi dzanja, mutu atapendeketsa. Kuseka kunawathera. Anamasula chivindikiro cha lata. Tcheni chinali chitamatidwa phala lakuda la mchenga.

"Oilo wakupsa wa kuchigayo uyu. Ndipo umaitsukira mumtsinje." Sikunali kufunsa. "Gwada apa. Sindikufuna umve kwa ine, ndikufuna uone wekha."

Anatsina tcheni kutsogolo kwenikweni kwa gudumu lalikulu la mano, pamene chimazungulira, n'kukoka. Tcheni chinanyamuka osalimbalimba. Mano anaonekera, kuwala kwa dzuwa n'kudutsa pansi pake.

"Waona? Tcheni chamoyo ukachikoka apa chimakana. Chimakakamira mano ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Chikayamba kunyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, dziwa kuti chikutsanzika. Ugule china sabata yomweyo, chisanayambe kudya mano. Koma ichi taona, dzino lonse lili pamtunda, chala changa chikulowa. Ichi chinatsanzika kalekale. Sadaka yake munayenera kudya chaka chatha."

Anachivula, n'kuchigwira nsonga zonse ziwiri, n'kuchipinda cham'mbali. Chinapindika ngati chikwakwa. Anatenga chatsopano m'bokosi lawo n'kuchita chimodzimodzi. Icho chinangogwedera pang'ono n'kukana. Kenaka anazikoleka zonse ziwiri pa msomali umodzi wa pa mtengo wa mango. Mfundo zake zinali zofanana kuchuluka, koma chakalecho chinalendewera kupitirira chinzake.

"Anthu amati tcheni chakula. Chitsulo sichikula, mwanawe, si mwana. Timisomali tolumikiza mfundo iti ndi timene tadyeka. Mchenga ukasakanikirana ndi oilo wakuda umasanduka mwala wonolera. Ukapalasa kamodzi, wanola kamodzi. Tsopano yang'ana kumbuyo kuno."

Mano a kagudumu ka kumbuyo anali osongoka, opindikira mbali imodzi ngati mbedza.

"Ndiye ikani chatsopanocho, agogo."

"Pa mano awa? Chizilumpha ngati chule. Tcheni chakutha chimafa ndi anzake. Ukachedwa kusintha chimodzi, umasintha zonse. Tcheni ndili nacho, koma kagudumu ka njinga za ku Joni ndilibe. Ndikafunse ku Zomba, kukakanika ku Limbe. Sabata yamawa."

"Ababa akwera mawa."

"Ndiye akwera miyendo yawo. Anabwera nayo yonse iwiri, ndamva."

Makaiko anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Nanga mutangodulako pang'ono kuti chikungike? Ena amatero."

A Enock anaika sipanala pansi.

"Amaterodi. Ena mwa iwo ndimawapatsa moni akuyendera ndodo. Ena sindiwapatsanso moni. Tamvera, mwana wa mnzanga. Kudula tcheni chakutha kuli ngati kumanga lamba pa mimba ya njala. Buluku lagwira, koma njala ili pompo. Pa njinga zathu zino za buleki ya m'manja, tcheni chikaduka umangochita manyazi. Umatsika, atsikana n'kukuseka, basi nkhani yatha. Koma iyi ya bambo ako tayang'ana ku handulo, kuli chogwira? Kulibe. Iyi ukafuna kuima umapondera phazi cham'mbuyo, tcheni n'kukoka, tayala n'kugwira. Ndiye kuti buleki yake ndi tcheni chomwechi. Chikaduka, watsala ndi belu.

"Ndipo tcheni sichiduka pa thyathyathya, poti pamenepo palibe akuchikakamiza. Chimadikira mtsetse. Chimadikira pamene wapondera kumbuyo ndi thupi lako lonse, katundu ali pa kaliyala. Ndi pamene chimati tsalani bwino.

"Panali mnyamata wina wogulitsa matemba, wa njinga ngati yomweyi. Anandipempha zomwe ukupemphazi, ndinakana. Anakadula yekha. Chitakhwefukanso anadulanso. Ankandidutsa pano akuimba belu, amvekere, 'Madala, sitinafe!' Njinga yake ndinakaitola ndine m'khwawa. Dengu la matemba linali bwinobwino, akhwangwala akudyerera. Mwini wake sindikuuza mmene analili, poti sunadye."

Makaiko anayang'ana tcheni chija chili pa msomali.

"Isiye pano njingayi," anatero a Enock. "Pita ukawauze bambo ako zoona. Che Maulidi ndimamudziwa, ndi wamkali. Adzakalipa mpaka nkhuku kuthawa pakhomo. Mwina adzakukwapula. Koma mkwiyo umapola, mwanawe. Fupa la khosi silipola."

"Ndikabwerera wopanda njinga aziti ndagulitsa. Ndiloleni ndiikoke, ndikawaonetse ndekha mmene mwandionetseramu."

A Enock anamuyang'ana m'maso. Kenaka anabwezera tcheni chija, n'kutseka chivindikiro.

"Ukanena?"

"Ndikanena, agogo."

"Lero lomwe, asanagone. Ndipo usakwere, ngakhale pa thyathyathya."

4. Msomali ndi miyala iwiri

Makaiko anaikokadi njinga mpaka pa mlatho wa m'munsi mwa Gwirachipewa. Pamenepo anaima.

Kunena kunali kosavuta pansi pa mango. Koma bambo ake akamva kuti tcheni chatha, funso lake n'limodzi: anaitsitsa ndani? Ndipo funso limenelo silikanathera pa msana wa Makaiko. Likanapitirira mpaka kwa amayi ake. Akapandanso kunena, tcheni chinali chokhwefuka moti chikanagwa pabwalo pomwepo, n'kudziululira chokha.

Anatsetserekera nayo m'mabango, pamene sankaoneka. Anatulutsa sipanala m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Anazula msomali pa thabwa la mlatho, n'kutola miyala iwiri, wina wokhazikapo, wina womenyera.

Ntchito yoipa sichedwa. Anamasula tayala, anakhoma kamsomali ka tcheni mpaka kutuluka, anachotsa mfundo ziwiri n'kuziponya m'madzi. Kenaka analumikiza nsonga zija n'kuyamba kukhomerera. Pomenya komaliza mwala unaterereka. Atayang'anitsitsa anaona kuti kachitsulo ka m'mbali kapindika, ndipo pali kamng'alu kochepa ngati tsitsi.

Anakayang'ana. Anayang'ana kumtunda, kumtsetse. Kenaka anatapa oilo wakuda ndi chala n'kupaka pamng'alupo, n'kutseka chivindikiro.

Tcheni chinakungika bwino. Phokoso lija linachepa. Njinga inaoneka ya makhalidwe.

Madzulo ake Che Maulidi ananyamula tayala la kumbuyo, n'kupukusa pedulo pamaso pa achibale amene anabwera kudzamvera wailesi.

"Mwamva? Chitsulo cha ku Joni chimenechi! Zaka zonsezi chili ngati chadzulo."

Achibale anavomereza onse pamodzi, aliyense akuyang'ana kumbali kwake.

A Kuluthumu anamupeza Makaiko kuseri kwa nkhokwe. "Zili bwino?" ananong'ona.

"Zili bwino, amayi."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero akupuma mozama. Makaiko sanathe kuwayang'ana kumaso.

5. Funso la pabwalo

Lachisanu dzuwa litakwera, Che Maulidi anatuluka atavala mkanjo woyera ndi mzuli watsopano, nsapato zikuwala. Anapinda mkanjo m'chiuno kuti ungakodwe. A Kuluthumu anapinda chitenje n'kuyala pa kaliyala. Lukiya anali atadzola mafuta mpaka kuchipumi, ndipo lero sanabisale. Anakweza manja yekha kuti bambo ake amunyamule.

"Miyendo uzitambasula, masipoko amaluma," anatero Che Maulidi. "Undigwire apa, m'chiuno. Zolimba. Eya, choncho."

Timanja tija tinagwira mkanjo. Nkhope ya Che Maulidi inawala ngati ya mnyamata.

Makaiko anayandikira. "Baba, bwanji Lukiya ndimubereke ine? Tikakupezani kumsewu."

"Ayi!" anakuwa Lukiya. "Ine ndikwera ndi ababa!"

"Wamva wekha," anaseka Che Maulidi.

"Ndiye pa Gwirachipewa mukatsike, baba. Mukangoikoka. Mvula inakumba njira."

"Ine? Ndakhala ndikutsika m'mimba mwa dziko m'chikhola cha chitsulo, makutu kuchita kutseka, ndiye ndikaope kachulu aka? Anthu akaone Maulidi akukoka njinga ngati wogula mbuzi?" Anaponda pedulo kuti akwere, koma anaima. Anamuyang'ana mwana wawoyo bwinobwino. "Iwe, thukuta limeneli ndi la chiyani m'mawa uno? A Enock ananena kanthu? Pali chovuta ndi njingayi?"

A Kuluthumu anali chiimire pakhomo, manja atagwira pachifuwa, maso awo ali pa Makaiko. Lukiya ankagwedeza timiyendo, akufuna ulendo.

"Ndikufunsa iwe."

"Ayi, baba," anatero Makaiko. "Palibe."

"Basi. Usamale mbuzi."

Belu linalira kawiri. Lukiya anaseka mokweza. Njinga inazungulira mtengo wa papaya, n'kulowa m'njira ya pakati pa minda.

Makaiko anatsala chiimire pamene anamusiya. Amayi ake anabwera n'kumugwira phewa, ndipo atangomuona kumaso anadziwa kuti chilipo.

"Makaiko, wabisa chiyani?"

"Tcheni, amayi. A Enock anati chatha. Anati asakwere. Ine ndinadula, ndipo chang'aluka. Ikafika pamtsetse ilibe buleki."

"Ndiye unakhala chete chifukwa chiyani?"

"Akanadziwa kuti inatsika. Akanakuthamangitsani... akanakusiyani ukwati."

A Kuluthumu anamugwedeza mwamphamvu moti mano anagundana. "Iwe mwana iwe! Ukwati ukatha ndimwalira? Mwana wanga ali pa kaliyala! Ndinakupempha ine kuti undisungire ukwati ndi moyo wa Lukiya? Thamanga! Dutsa m'chinangwa! Ukuwe, anene zimene anene! Thamanga!"

6. Gwirachipewa

Njira ya njinga imazungulira minda isanafike pamwamba pa mtsetse. Wapansi akadutsa m'munda wa chinangwa amadula pakati. Makaiko analowa m'chinangwamo ngati nguluwe yothamangitsidwa. Nthambi zinkamukwapula kumaso. Analumpha mizere, anagwa, anadzuka, osamva kuti bondo lasupuka.

"Baba! Imani! Babaa!"

Mphepo inkachokera kuphiri, ndipo inkatenga mawu ake n'kupita nawo kwina.

Cha kumanja, kuseri kwa mitengo, anamva belu. Linkalira mwamasewera, ngili ngili, ngili ngili, kusangalatsa mwana. Njinga inali isanafike pamtsetse. Makaiko anawonjezera liwiro, chifuwa chikuyaka.

Anatulukira pamwamba pa mtsetse nthawi imene mkanjo woyera unkalowa kuseri kwa pokhota poyamba. Anangoona msana wa bambo ake ndi kamutu ka Lukiya.

"Babaa! Tcheni!"

Sanacheuke.

Makaiko anayamba kutsika. Miyala inkagubuduka pansi pa mapazi ake. Belu linaliranso, koma tsopano silinali la masewera. Linkalira mosalekeza, ngililililili, ngati munthu waligwira osafuna kulisiya, ndipo linkatalikira mofulumira kuposa mmene njinga iyenera kutalikira.

Kenaka linaleka.

Atadutsa pokhota paja anachiona. Tcheni chinali gone pakati pa njira, chotambasuka m'fumbi. Sanaime. Patsogolo pang'ono panayamba mizere iwiri yokumbika, umu ndi umu, mmene zidendene za nsapato zinkakwekwereza pansi. Mizereyo inapita, inapita, wina n'kutha, kutsala umodzi. Kenaka nawonso unatha. Panangotsala mzere wa tayala, wowongoka, wolunjika kumunsi.

Makaiko anautsatira mzerewo akuthamanga.

Kumanzere kwa njira, pamene pali udzu wautali wofolera nyumba, china chake chinagwedezeka. Udzu unali utagona ngati pagubuduka thumba. Munatuluka kadzanja, kenaka mutu wodzaza zitsotso.

"Lukiya!"

Anadumphira m'udzumo n'kumunyamula. Anamugwira mutu, manja, miyendo, kuona ngati zonse zilipo. Chigongono chinali chitasupuka, mlomo ukutuluka magazi, diresi litang'ambika paphewa. Koma anaima yekha. Sankalira. Maso anali tong'o.

"Lukiya, ndiyang'ane. Ababa ali kuti?"

"Andikankha," anatero mwanayo ndi kamawu kakang'ono. "Anandimasula manja, n'kundikankhira m'udzu. Anati tseka maso, mama. Ine sindinalakwe, achimwene. Ndinagwira zolimba mmene ananenera."

"Sunalakwe. Sunalakwe iwe. Nanga iwo?"

Lukiya analoza kumunsi, kumene njira imakhotera ku mlatho.

"Sanaime."

Makaiko anatchera khutu. Poyamba kunali madzi okha, kulira pamiyala. Kenaka kuchokera kumene amayi amachapira kunamveka mawu a mzimayi, akuthwa, obwerezabwereza, akuitana amuna a m'minda ya tsidya.

"Thamangani kuno, inu! Siyani makasu! Wina azule chitseko! Bweretsani chitseko!"

Kumidzi kuno chitseko amanyamulirapo munthu wovulala kupita naye kuchipatala. Amanyamuliraponso amene chipatala sachifunanso. Mzimayi uja sananene kuti ndi uti.

Makaiko anagwada, mlongo wake n'kukwera kumsana. Anayamba kutsika.